Dzina la Mwandida Pansi pa Dzanja Langa

Ndinalota nditamaliza kulemba buku la moyo wanga. Linali lolemera ngati mwana wogona, moti ndinalibereka ndi chitenje n'kukwera minibasi ya ku Limbe, kwa osindikiza mabuku. Kondakitala sanandifunse kanthu. Anangondilozera mpando wa kumbuyo kwenikweni, poti ankadziwa kuti ife a ukazitape sitilola munthu kutikhalira kunkhongo.

Ntchito imeneyo ndinaigwira mpaka kupuma. Anthu ankandidziwa ngati mayi wa geni ya zitenje pa chipata cha Mwanza, ndipo mwana wanga Mwandida anakula akudziwa zomwezo, kuti amayi ake ankakonda msewu kuposa iye. Anakwatiwa n'kusamukira kutali. Ndikamuimbira foni amangoti "tili bwino" n'kudula. Bukuli ndinalembera iyeyo. Ena onse kaya akulungiremo zitumbuwa, ine ndinalibe nazo ntchito.

Kwa osindikiza kunalibe munthu. Makina okha ndi amene ankapuma pakona.

"Mayi," anatero makinawo mwaulemu, "buku la munthu wa ntchito yanu liyambe laonedwa ndi a ku ofesi yanu yakale. Lowani khomo ilo."

Khomolo linatsegukira pa mtsinje wa Shire. Pakati pa madzi panali desiki, ndipo pa desikipo panali bwana Mpinganjira, mkulu wanga wa kuntchito amene tinawaika m'manda kalekale. Suti inali yomwe ija tinawaika nayo. Ndinayenda pamwamba pa madzi, nsapato zili m'manja.

"Khalani pansi, mayi Nasibeko," anatero. "Tione zimene mwatibweretsera."

Anatulutsa peni yakuda n'kuyamba kuwerenga. Atafufuta dzina la mlatho wina, mlatho umene unali kumtunda kwathu unachoka, pamodzi ndi anthu a njinga amene ankawoloka. Atafufuta mawu akuti mvula ya Januwale, kumwamba kunayera mbee. Ine sindinadabwe. Kuntchito kwathu zinkayenda choncho: chimene bwana afufuta, ndiye kuti sichinakhalepo.

Atafika kumapeto anagwedeza mutu mokhutira.

"Dzanja lanu silinasinthe, mayi. Dzina la munthu wanu mulibemo ngakhale limodzi."

Ndinanyadira, chitsiru ine.

Pomwepo panafika bwato. Wopalasa anali Mwandida, atavala yunifomu ya ku pulayimale ngakhale anali mayi wa ana ake. Anatenga bukulo pa desiki n'kumatsegula masamba mwachifatse, akunyowetsa chala ndi malovu.

"Amayi, ine ndili pati?"

Ndinamulozera. Pena ndinalemba kuti mwana wina wamkazi anadwala chikuku. Pena ndinalemba kuti munthu wina anamanga ukwati ku Zomba, ndipo wolembayu sanathe kupezekapo. Ndi mmene anatiphunzitsira. Munthu wako sumulemba dzina, kuopa kuti okufuna iwe angapeze iye.

"Ameneyu ndi munthu wina," anatero Mwandida. "Ndimayesa mwalemba za ine."

Anabweza bukulo, anatola nkhafi yake, ndipo bwato linayamba kutsika ndi madzi. Sanatembenuke.

Mtima unandipweteka kwambiri. Peni ndinalibe, choncho ndinaviika chala mumtsinje, madziwo n'kusanduka inki. Pa tsamba loyamba ndinalemba kuti: Mwandida, mwana wanga. Dzinalo ndinali ndisanalilembepo, ngakhale zakusukulu ankamulembera ndi bambo ake. Kumunsi kuja bwato linaima, kenako linatembenuka.

Bwana anausa moyo.

"Mayi Nasibeko, lamulo mukulidziwa."

Anadzutsa peni ija. Ndinayang'ana kumene kunali mlatho kuja, kunali madzi okhaokha. Ndinavundikira dzinalo ndi dzanja langa lamanja. Peni inatsika n'kudutsa pamwamba pake, ndipo dzanjalo linachoka osapweteka n'komwe. Dzina linaonekeranso. Ndinaikapo lamanzere, nalonso linapita.

"Mutha nonse, mayi," anatero bwana, mawu awo ali achisoni.

"Fufutani, bwana. Ine ndinazolowera."

Ndinagonera tsambalo ndi chifuwa. Ndinkamva nkhafi ikumenya madzi, ikulimbana ndi mtsinje, mpaka bwato linagunda mwendo wa desiki.

"Amayi, tasunthani ndione."

Peni inali m'mwamba, ikudikira. Kusuntha sindikanatha, ndipo manja omugwira nawo ndinalibe. Ndiye ndinamuwerengera ndekha mokweza, mtsinje wonse ukumva, chinthu chimene munthu wa ntchito yathu sachita.

"Mwandida! Mwana wanga!"

"Wee, amayi," anayankha, monga ankayankhira ali wamng'ono.

Kunja kwa malotowo kunali kutacha. Ndinkamva oyandikana nawo akusesa pabwalo, koma sindinasunthe pa tsambalo. Bwana anali asanatseke peni yawo.