Kampopi ka Dzanja Lamanja

Twahir anagwada pa katoni, pakati pa madontho a oyilo ndi zidutswa za mawaya, n'kugunditsa chipumi pansi. Kenako anakhalira miyendo yake mwamphamvu, anakwinya buluku n'kugwira kansalu koyera kamene anamanga pa akakolo. Kanali kouma. Aka kanali ka makumi anayi akuyesa chonchi.

A Bauleni, owotcherera zitsulo mu shedi yoyandikana ndi yake ku Malangalanga, anali atavula magalasi awo akuda n'kumamuonerera. Anafunsa ngati masiku ano Asilamu ayamba kupemphera atamangirira tiyi kumwendo, ndipo anati ngati zili choncho iwo alowa nawo mawa lomwe, bola tiyiyo akhale wa shuga.

"Sekani, madala," anatero Twahir akupukuta thukuta. "Mawa ababa akubwerera ku mzikiti."

Chimene anamanga kumwendocho linali thumba la pulasitiki la kuchipatala, lolandirira mkodzo, ndipo iye analidzaza tiyi wakuda. Matumba otere ankavala ndi bambo ake, Che Abdulwahab, amene kwa zaka makumi atatu ankaitana anthu ku swala pa kamzikiti kena ka ku Area 2. Njira ya mkodzo itatseka, achipatala anawaika kapaipi n'kuwauza kuti adikire opaleshoni. Tsiku la opaleshonilo linasunthidwa katatu. Miyezi inakwana isanu ndi iwiri.

Kapaipi anakapirira. Chimene chinawapha mtima ndi kampopi ka kunsi kwa thumba, kokhuthulira. Kankatsekeka ndithu, koma kankatsala ndi madontho, ndipo pakapita masiku atatu kankayamba kuchucha. Dontho limodzi pa mkanjo ndi najisi, uve umene munthu saima nawo pamaso pa Mulungu. Shehe anabwera kunyumba kudzawauza kuti wodwala ali ndi chilolezo, swala yake imalandiridwa ngakhale zili choncho. Mkuluyo anathokoza, koma anayankha kuti chilolezocho ndi chawo okha, pamene kapeti ya mu mzikiti ndi ya anthu onse. Kuyambira pamenepo ankaswalira m'chipinda, atakhala pa mpando.

Twahir sukulu analekera Fomu 2. Kukonza njinga zamoto za kabaza anadziphunzitsa yekha, poonera mavidiyo pa foni ya galasi losweka. Anali atayenda m'mafamase kuyambira Old Town mpaka City Centre kufunafuna thumba la kampopi kabwino. Ku City Centre bambo wina wa tayi anamuuza kuti matumba onse ndi otero, anapangidwa ndi akatswiri akunja, nanga iyeyo ali ndi mapepala anji oti n'kumawatsutsa? Twahir anamenya tebulo mpaka mlonda anamutulutsa. Panjira ankalankhula yekha ngati wamisala. Akatswiri ake ati, oganiza kuti ntchito ya munthu wodwala ndi kugona chagada basi? Anafunsapo ndani ngati munthuyo amagwada?

Ndiye anaganiza zopanga kake. Koyamba anayesa valavu ya chubu cha njinga, koma bowo linachepa. Sipuling'i ya bolopeni inachita dzimbiri pa masiku awiri. Ka nambala 14 ndi kamene kanatheka. Anakasema pa mtengo wa pulasitiki yoyera, ataumanga pa dirilo, n'kuikamo kalabala ndi sipuling'i yosachita dzimbiri. M'mbali munali kalilime. Ukagwira kampopiko n'kukankha kalilimeko ndi chala chachikulu, kankalira kuti tcha, ndipo kakatero ngakhale uponde thumbalo silikanatulutsa kanthu.

A Bauleni anakazunguliza m'manja mwawo mokhakhala, anavomera kuti mwanayo ali ndi mutu, koma anamulangiza kuti asadule kampopi ka kufakitale. Akasiye pamwamba, kake kakhale kunsi, kuti kena kakagona kanzake kakhale maso. Twahir anakana. Anati timipopi tiwiri titalika mpaka kuonekera kunsi kwa mkanjo, komanso iye sangasiye zinyalala pamwamba pa ntchito yake.

Madzulo a tsiku lomwelo, Lachinayi, dzuwa lisanalowe, Sauda mlongo wake anawiritsa kampopiko m'kapoto katsopano. Anafunsa ngati sikukanakhala bwino kukaonetsa kaye anamwino. Twahir anamufunsa kuti anamwino ake ati, omwe aja owasunga pa benchi tsiku lonse n'kuwauza kuti abwere mwezi wamawa? Sauda anangophula poto.

Che Abdulwahab analandira kampopiko atakhala pakhonde la kuseri. Anakayang'ana nthawi yaitali. Twahir anawasonyeza pokankha, iwo anakankha, kanalira tcha. Anatsekula n'kukankhanso, kanaliranso.

"Kameneka wapanga ndiwe?"

"Ndine, ababa."

"Ndi manja omwewa okonzera njinga?" Anaseka pang'ono, kuseka kumene m'nyumbamo anali atakuiwala. Kenako anauza Sauda kuti asite mkanjo woyera uja.

Twahir anadula kampopi ka kufakitale pa thumba latsopano n'kulumikiza kake.

Lachisanu Che Abdulwahab anayenda wapansi kupita ku mzikiti, pang'onopang'ono, chifukwa panjira aliyense ankafuna kuwagwira chanza. Wogulitsa nsalu anatuluka m'sitolo mwake, telala anasiya makina akulira. Twahir ankayenda pambuyo, chifuwa chili patsogolo ngati wagula basi. Mu mzikiti anawapatsa malo mu mzere woyamba. Wina anabweretsa mpando, koma mkuluyo anaukankhira kumbali. Sanayende ulendo wonsewo kuti adzakhale pa mpando.

Twahir anaima mu mzere wachitatu, maso ali pa msana wa bambo ake. Anawaona akuwerama, akugunditsa chipumi pansi, akudzuka bwinobwino. Mtima wake unakhala pansi. Koma pa kukhala komaliza, pamene anthu onse amakhalira miyendo yawo, anamva fungo. Analidziwa, poti kwa miyezi isanu ndi iwiri ankalimva m'nyumba. Anaona munthu wa kumanzere kwa bambo ake akusendeza bondo pang'ono. Kenako anaona banga lakuda likukula pa kapeti yobiriwira, likuyenda mpaka kufika pa zala za munthu wa mu mzere wachiwiri.

Palibe anadula swala. Che Abdulwahab anakhala chikhalire, msana uli chilili, mpaka imamu, wotsogolera swala, anapereka salamu kumanja ndi kumanzere. Anthu ambiri anadzuka mwakachetechete, maso ali kwina. Koma bambo wina wa mu mzere wachiwiri uja, akukweza mkanjo wake m'mwamba, ananena mokweza kuti anthu ena azidziwa kuti kunyumba nakonso kuli Mulungu.

Twahir sanadziwe m'mene anadumphira mzere. Anangopezeka atamugwira pakhosi, anthu akumukoka m'mapewa.

"Twahir." Mawu a bambo ake anali otsika kwambiri. "Kanditengere nsapato."

Anabwerera kudzera njira ya kuseri kwa masitolo, yodutsa m'ngalande, mkanjo wonyowa ukumata pa mwendo. 

Kunyumba mkuluyo analowa kubafa, ndipo atatuluka anakakhala m'chipinda. Twahir anatenga thumba lija n'kuliyang'ana padzuwa. Kalabala kanali bwino, sipuling'i inali bwino. Kalilime ndi kamene kanali pakati, kosatsekuka komanso kosafika polira. Munthu ataima kakanagwira, koma atakhalira thumbalo ndi thupi lonse sikakanapirira. Magazi anamukwera kumutu. Analowa m'chipindamo osaodira.

"Ababa, ndinati mukankhe mpaka kalire. Ndinanena kangati? Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikugwada m'mafuta, anthu akundiseka, inu n'kulephera kukankha kanthu kakang'ono ngati aka?"

Bambo ake ankayang'ana khoma. Anayankha ndi Sauda, amene anaima pakhomo ndi beseni la zochapa.

"Achimwene, munawaona akutseka?"

"Dzulo, pamaso pako. Kanalira kawiri."

"Ndi dzanja liti?"

Twahir anayang'ana thumba limene linali m'manja mwake.

"Dzulo kanali koyera, kochokera m'madzi owira," anatero Sauda. "Lero m'mawa munadutsa mkodzo. Inu mukuganiza kuti ababa angagwire zimenezo ndi dzanja lodyera, lopatsira anthu moni, lotsekulira Buku? Si iwo omwe ankakumenyani kamsana ka dzanja muli mwana, mukasokoneza manja? Safunsa anadya phula, achimwene."

Twahir anayang'ana dzanja lamanzere la bambo ake, limene linali pa bondo. Nyamakazi inali itapinda zala ziwiri zapakati ngati ngowe. Anayang'ananso kampopi kake. Anakagwira ndi dzanja lamanzere, mmene munthu angakagwirire atawerama kubafa thumba lili kumwendo. Chala chachikulu chinagwera mbali yosalala. Kalilime kanali kuseri, kumene kunkafika kachala kakang'ono kokha. Anakankha nako. Dzanja lake la mnyamata, lomasula mabawuti, linakafikitsa pakati pomwepo n'kuima.

Ka makumi anayi konse kaja anatseka ndi dzanja lamanja. Tiyi si najisi.

"Ndinaona m'mawa kuti sikanalire," anatero Che Abdulwahab, osatembenuka. "Ndinati ndikuitane. Koma ndinakumva uli pakhomo, utavala kale, ukuuza aneba kuti lero tikupita limodzi. Ndinati mwina kagwira."

Twahir anatuluka. Anakakhala kuseri kwa nyumba pa njerwa, kampopi kali m'manja, mpaka Sauda anamaliza kuchapa ndi kuyanika. Atapita ku mzikiti kuti akatsuke kapeti, anapeza anthu ataitulutsa kale, itayanikidwa pa mpanda pamene aliyense wodutsa ankaiona.

Sabata yotsatirayo sanakonze njinga ngakhale imodzi. A Bauleni anamuona akugwira ntchito dzanja lamanja litapisidwa m'thumba la ovolosi, akuvutika kutseka kanthu ndi lamanzere, zala ziwiri atazimanga ndi tepi. Nkhani ya ku mzikiti inali itawafika kale, poti Old Town siisunga chinsinsi. Sanaseke, ndipo za timipopi tiwiri zija sanazitchule. Anangomubwereka vaisi yawo yaing'ono yopanira zitsulo n'kumugwirira pamene pankafunika dzanja lina.

Katsopanoko kanalibe kalilime. Kankatsekuka munthu akakafinya ndi chikhatho, dzanja lililonse, ndipo akangokasiya kankadzitsekera kokha. Ulendo uno Twahir anagogoda pa chitseko cha bambo ake, anagwada, n'kuwapempha kuti akayese okha kubafa, ndi dzanja lawo lomwelo, kenako amuuze chilichonse chimene chawavuta. Mkuluyo anakavala kuyambira Lachiwiri. Anaswali nako m'chipinda, akugwada mpaka pansi, kasanu pa tsiku. Sikanadonthe ngakhale kamodzi.

Lachisanu Twahir anasamba msanga n'kusita yekha mikanjo iwiri. Dzuwa litafika pamutu anamva kuitana kwa swala kuchokera ku mzikiti. Analowa m'chipinda atanyamula mkanjo wa bambo ake pamkono, ndipo anawapeza atayala mkeka wawo pansi.

"Kampopi kako n'kabwino, mwananga. Ukapangenso tambiri. Pa benchi ya kuchipatala paja tilipo ambiri ovala matumba, ena amangodzikulunga nsanza."

"Ndiye tiyeni, ababa. Tichedwa."

"Madzi akatayika saoleka. Ndikalowa muja, aliyense ayamba wayang'ana pansi asanandiyang'ane kumaso. Amene ndiime naye pafupi aziswali maganizo ali pa mwendo wanga. Ndiwaonongerenji anthu swala yawo?"

Twahir ananena zambiri. Anati anthu amaiwala, anati Shehe wafunsa za iwo kawiri, anati amene analankhula chipongwe uja ndi amene ayenera kuchita manyazi. Mawu ake anakwera, kenako anasweka. Bambo ake anamumvera mpaka anamaliza, n'kumuuza kuti afulumire, chifukwa iye ndi wamoyo wabwino ndipo swala ya Lachisanu ndi lamulo kwa iye.

Anatuluka. Anafika pa geti n'kugwira chitsulo chotsekera. Mumsewu amuna ovala zoyera ankadutsa awiriawiri, akufulumira. Mmodzi anamukodola kuti apitire limodzi. Twahir anaima pomwepo mpaka msewu unatsala wopanda munthu.

Kenako anabwerera, anavula nsapato pakhomo la chipinda n'kulowa. Bambo ake anali ataima kale pa mkeka. Anamuyang'ana, ndipo Twahir anadikira kuti amukalipire. Mkuluyo anangosendera pang'ono kuti mkeka ukwanire awiri.

"Wongola mzere," anatero. "Phewa ligunde phewa."