Chimene Chinkalira M'sipika

Kandulo atalowa ndi dengu la zochapa, anapeza matambula ake onse atachotsedwa m'kabati n'kundandalikidwa pansi m'mbali mwa khoma, mwamuna wake atagwada kutsogolo kwa kabati, khutu ataligunditsa ku sipika ya kumanzere. Mwamunayu anzake ankamutcha Makutu chifukwa ankamva ngakhale zimene ena onse sankazimva. Kwa milungu itatu tsopano ankamva kanthu kena m'nyimbo zake. Bezi ikangogunda, pansi pake pankatuluka kaphokoso kakang'ono, nzii, ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo.

Panalibe chimene sanayese. Anatsitsa masipika pa kabati ponena kuti thabwa likunjenjemera nawo. Anadula timipira tiwiri pakati n'kuika zibenthuzo kunsi kwake kuti asagunde simenti. Anawasuntha pakhoma, anayala kapeti, anapachika katani yokhuthala, ndipo galasi la pawindo analitsina ndi timapepala kuti lisagwedere. Nyimbo zinayambadi kumveka bwino, moti mawu a woimba ankakhala ngati aima pakati pa chipinda. Koma kaphokoso kaja sikanachoke.

Kandulo ankadziwa chimene chinkalira.

Kumbuyo kwa sipikayo kunali bowo lotulukira mpweya, lokwana zala zitatu. M'menemo ndi mmene ankabisa paketi ya mapiritsi olera, ataimangirira ku ulusi wakuda. M'mawa wina ulusi unaduka, paketi n'kugwera m'kati. Anayesa kuikola ndi waya, anayesa kupendeketsa bokosi lonse, koma inangolowerera. Tsiku lomwelo anakatenga ina kuchipatala n'kuibisa kwina, ija n'kuisiya momwemo, chitsulo chake chopyapyala chikulira nthawi iliyonse mwamuna wake akayatsa nyimbo.

Anayamba kumwa mapiritsiwo atangokwatiwa, patapita miyezi inayi chiikireni mkulu wake m'manda, amene anamwalira pobereka. Anadziuza kuti amwa mwezi umodzi wokha, mantha athe kaye. Zaka ziwiri zinadutsa. Makutu sankamufunsa kanthu. Mwezi ukatha ankangomuyang'ana m'maso, kenako n'kuyang'ana kumbali. Sabata yathayi anamuululira, akukanda chala pa tebulo, kuti anapita yekha kuchipatala kukayezetsa ngati ali wobereka, ndipo zotsatira zituluka Lolemba. Anapepesanso, kuti ngati vuto lili kwa iye, amukhululukire pomutayitsa nthawi. Kandulo anangomugwira dzanja.

Njinga yamoto inaima panja. Anali akulu ake a Makutu, okonza mawailesi ndi matelevizoni, amene anaitanidwa kuti adzamve okha. Analowa akuseka, akulumpha matambula ngati munthu wowoloka mtsinje.

"Mlamu, mwayamba kugulitsa matambula? Kapena ndi mwana wanu wamkuluyu wamwaza zidole?"

Kandulo anawalonjera n'kuwapatsa mpando. Makutu anawafotokozera zonse zimene anachita, za timipira, za katani, za kapeti. Iwo ankangogwedeza mutu, kenako ananena kuti m'nyumba mukasowa wolira, munthu amayamba kulera masipika, kuwaveka nsapato ndi kuwafunditsa. Makutu anaseka nawo, koma anayamba kupukuta fumbi pamalo pamene panalibe fumbi. Kandulo anamva nkhope yake ikutentha. Chipongwe chimenecho chinali chake, koma ankachisenza ndi wina.

Makutu anayatsa nyimbo. Alamuwo anatseka maso, anaika chikhato pamwamba pa bokosi, kenako m'mbali. Analinyamula pang'ono n'kuligwedeza. M'kati munamveka tsetere.

"Timipira tako tilibe mlandu, mphwanga. Muno mwalowa chinthu. Mwina chiphemphe chouma, mwina ndi kalata ya chibwenzi ya mlamu wangayu." Anatsinzinira Kandulo diso. "Titsegule tione."

Panali tizitsulo tisanu ndi kamodzi togwira chivundikiro cha sipikayo. Alamuwo anapisa m'thumba, koma chomasulira chimene anatulutsa chinali cha mutu wina. Anati choyenera chili m'chikwama cha pa njinga, ndipo anatuluka akuimba mluzu.

Kandulo anamva chitseko chikutsekeka. Kuchoka pakhomo kufika pa njinga panali mapazi makumi awiri, kubwerera enanso makumi awiri. Anaganiza zogwetsa tambula kuti pakhale chipwirikiti. Anaganiza zonena kuti paketiyo ndi ya mnzake. Kenako anaona mwamuna wake atagwadanso, akusisita bokosilo mokondwa ngati munthu amene matenda ake apezeka, ndipo anaona mmene nkhope imeneyo idzakhalire akulu ake akadzatulutsa paketi n'kuikweza m'mwamba.

"Musawalole atsegule," anatero motsitsa mawu.

Makutu anati asade nkhawa, achimwene saononga chinthu.

"Si zimenezo. Muli mapiritsi anga m'menemo. Olera. Ndakhala ndikumwa chikwatiranireni."

Mwamunayo sanatembenuke msanga. Dzanja lake linangoima pa bokosi. Kandulo analankhula mofulumira, mawu akupunthwa, za mkulu wake, za magazi amene anawaona pa nsalu tsiku lija, za mwezi umodzi umene sunathe. Ananena kuti kangapo konse anatsegula pakamwa kuti aulule, koma tsiku lililonse limene anakhala chete linkalemeretsa tsiku lotsatira. Sanathe kumuyang'ana. Ankayang'ana kapeti.

"Ndiye kuchipatala kuja ndinkakavuliranji?" Makutu anafunsa, osakweza mawu.



Mluzu unayandikira. Makutu anadzuka, anakafika pakhomo chitseko chisanatsegulidwe chonse, n'kuima pakati pake. Kandulo anamumva akuuza akulu ake kuti wasintha maganizo, sipika ndi yake, aitsegula yekha, angomubwereka chomasuliracho. Iwo anadabwa, anafunsa ngati anawaitanira kudzaona matambula basi, anatinso mwana ameneyu chibadwire sagawana zidole zake. Makutu anawaperekeza mpaka pa njinga, akuseka pamene panafunika kuseka.

Atabwerera anatseka chitseko, anakhala pansi n'kuyamba kumasula, kachitsulo kamodzikamodzi, akutiika mu tambula kuti tisasowe. Sanafulumire. Kandulo anaima pomwepo, dengu lili pamapazi, akulakalaka mwamunayo akanangokalipa. Chivundikiro chitachoka, Makutu anapisa dzanja n'kutulutsa paketi yodzaza fumbi, kaulusi kakulendewera. Anawerenga ndi maso timabowo topanda kanthu. Anaipukuta pa malaya ake, anatenga dzanja la mkazi wake, anaiika m'chikhato n'kupinda zala zake pamwamba.

"Sindikuletsa kumwa. Thupi ndi lako, ndipo mantha ako ndawamva. Koma Lolemba tipitira limodzi. Zimene wandiuzazi ukawauze wekha adokotala aja, ine ndili pomwepo."

Kandulo anavomera ndi mutu. Anafuna kumugwira mkono, koma mwamunayo anali atatembenuka kale. Anavala nsapato, anati akukawongola miyendo, asamudikire pa chakudya. Kandulo anakhala pa mpando umene anakhalapo alamu ake, paketi ili m'manja, n'kuyamba kuyeserera mawu amene akanene Lolemba. Anayambira pa dzina la mkulu wake.