Sopo M'timabowo ta Kaseti

Kasetiyo telala wina anaipeza posamuka, ili m'thumba la jekete lakale la agogo ake aakazi pamodzi ndi chipeso chopanda mano. Ana ake anafunsa ngati unali msampha wa mbewa. Koma iye anaizindikira pomwepo.

Agogowo anamwalira iye asanakwatiwe, osasiya ngakhale chithunzi. Ankati kamera imakalambitsa. Chuma chawo chinali chojambulira makaseti, chimene ankachifunditsa nsalu ngati khanda. Wailesi analibe. Nyimbo yabwino ikayamba kwa aneba, ankathamangira nacho pawindo kukaijambula, ndipo m'nyumba monse ngakhale kutsokomola unali mlandu. Koma ana ndi ana: kaseti iliyonse inkatuluka theka nyimbo, theka agogo akukalipa. Zopanda kanthu zikatha ankatenga zogula, n'kumata sopo m'timabowo ta pamwamba toletsa kujambulapo, n'kufufuta oimba otchuka opanda chisoni.

Nkhope yawo telala ankaikumbukira, ndi fungo la mafuta a m'mutu lomwe. Koma mawu anali atamuthawa. Ngati analipobe pansi pano, anali m'kanthu aka.

Munthu yekhayo amene anatsala ndi makina oimbira kaseti anali mdala wokonza mawailesi, m'kachipinda kodzaza ma TV ong'ambidwa mimba. Anaitembenuza kasetiyo, nawerenga dzina la woimba, n'kunena kuti makina akewo ndi okalamba ngati mwini wake, tsiku lina amaimba, tsiku lina amatafuna. Telala anafuna kuilanda, koma inali italowa kale.

Mdala anadina batani. Timawilo tinayamba kuzungulira. Zii.

Mdalayo anagwada kuseri n'kumagwedeza mawaya a sipika, uku akung'ung'udza. Telala anayang'anitsitsa kalamba kabulauni ka m'kasetimo kakuyenda. Pakamwa pake, monga mwa masiku onse, sipanathe kudikira. Anachonderera, anaopseza, anatchula ndi mbale wake wapolisi yemwe kulibe.

Waya utapezeka, mdala anaimitsa makina, nabweza kasetiyo ndi cholembera poti batani lobwezera linafa kalekale. Anadinanso.

Musipika munatuluka mawu a mayi, osasa pang'ono, okwera kumapeto ngati funso. Anali agogo, ndendende.

"Bambo, chonde," anatero mawuwo, "musandiphe kawiri ndi chimakina chanuchi."

Munthu wogona kumanda zaka zonsezi angadziwe bwanji za mdala uyu ndi makina ake? Telala anagwira tebulo, maso ali pakhomo. Mdala naye anali atabwerera m'mbuyo mpaka kugunda TV.

Kenaka musipikamo wina anatsokomola, n'kutukwana waya. Chinali chifuwa cha mdala yemweyo.

Mdala anathimitsa msangamsanga, natulutsa kasetiyo, naiyang'ana pamwamba. Anakanda ndi chikhadabo, n'kununkhiza.

"Sopo," anatero motsitsa. "Mayi, ndani anamata sopo umu?"

Anafotokoza akuyang'ana pansi kuti batani lake loimbira limatsika limodzi ndi lojambulira, koma kaseti yogula imakana yokha, n'chifukwa chake sanade nkhawa. Mawu aja anali a telala mwini. Nthawi yonse imene ankalongolola, makina ankameza agogo n'kumaikapo iye.

Mantha a mzukwa anachoka, n'kubwera ena oposa. Analankhula nthawi yaitali bwanji? Iye amene mwamuna wake amati akayamba, wotchi imatopa.

Mdala anagoba sopo yense ndi sikuludilaiva, naibwezeramo kasetiyo. Anakhala pansi n'kumamvetsera telala wa musipika akuchonderera, akuopseza, akutchula wapolisi uja. Kalamba kankachepa mbali imodzi. Telala weniweni ankapemphera chamumtima kuti mayi wolongololayo atope, kasanathe.

Kenaka kunamveka kuti tha. Phokoso ngati mvula ya patali. Gitala wa kwa aneba, wochepa ngati udzudzu. Kamwana kena kakuimba motsatira, kosadziwa mawu ake.

Ndiye pafupi penipeni, mawu osasa aja, okwera kumapeto:

"Iwe Chimutu, tseka pakamwapo. Ukundiwonongera nyimbo."

Mdala anatembenuka kuti afunse ngati Chimutuyo anali telalayo. Anapeza mayi wa ana atatu atakhala chilili pampando, manja onse awiri atatseka pakamwa.