Gitala Yomwe Sanaicheke

Anthu a mumsewu wawo ankangomutchula kuti Mlamu. Sanali mlamu wa aliyense wa iwo, koma poti anakwatiwa ndi mkulu wake wa Chiphaliwali, woimba roko wotchuka uja, dzinalo linamukakamira mpaka lake lenileni linaiwalika. Wa m'golosale akamuona ankati, "Alamu, inu ndiye muli pabwino!" Mlamu ankangomwetulira, n'kukokera pansi dzanja la bulauzi kuti libise mkono.

Pabwino pakepo panali kanyumba kuseri kwa shedi ya ukalipentala, denga lodontha pabalaza, ndi TV yaikulu ngati chitseko, imene Chiphaliwali anatumiza kuti amayi ake azimuonerapo. Za denga sanafunsepo, ndipo amayi akewo sankalola kuti wina amuuze. Ati mwana wotanganidwa chonchija sitimusokosera ndi za malata.

Chiphaliwali sanatchuke ndi mawu, amene kunena zoona anali osasa. Anatchuka ndi nyimbo yomaliza. Ikafika pothera, ankagwira gitala pakhosi, n'kuizunguza m'mwamba, n'kuimenyetsa pansi kamodzi kokha, phwanyu! Achinyamata ankakuwa mpaka ena kukomoka, ati taonani mphamvu. Mphamvu zake ziti? Gitala ya magetsi ndi thabwa lolimba lokhalokha, ungaimenyetse mpaka mapewa kuwawa iyo ili gwa. Mphamvuzo zinkapangidwira m'shedi muja. Mwamuna wa Mlamu, kalipentala, ankacheka khosi la gitala iliyonse cha kumsana, kupitirira theka, n'kutseka pochekapo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupala, n'kupaka vanishi. Diso silikanaona kanthu. Zidutswa zinkabwerako m'thumba, iye n'kuzimata kuti mng'ono wake akaziphwanyenso. Banja lonse linkadyera pamenepo, ndipo nkhaniyo sinkayenera kutuluka pageti.

Chowawa chake n'chakuti kalipentalayo ndi amene anaphunzitsa mng'ono wake kugwira nsambo, ndipo mpaka lero ankaimba bwino kuposa iye. Choncho Chiphaliwali akaphwanya gitala pa TV, apongozi akuomba m'manja, Mlamu ankadziwa kuti wotsatira ndi iye. Chifukwa sichinkasowa: mchere wachuluka, wayankha mochedwa, wayankha msanga. Mwamunayo sankamenya ndi manja. Manja ankawasamala, ndi ogwirira ntchito. Ankangotola chamtengo chilichonse chimene chili pafupi.

Pakati pake poyamba panapita padera chifukwa cha mwendo wa mpando. Kuchipatala apongozi ndi amene anayankha anamwino, ati anaterereka m'bafa. Pobwerera anamugwira dzanja mwachikondi.

"Mayi, muzikumbukira kuti tili ndi dzina," anatero. "Anyuzipepala akangomva, avulaza mwana wosalakwa."

Mwana wosalakwayo anali Chiphaliwali, bambo wa ndevu zake.

Atazindikira kuti ali ndi pakati pena, Mlamu sanasangalale, anachita mantha. Kwawo analiko, koma ulendo uliwonse akathawirako ankamubweza ndi malangizo. Ndiye anaganiza yekha. Zaka zonsezi ankagwirizira makosi a magitala mwamuna wake akucheka, ndipo utuchi ndi guluu ankasakaniza ndi iyeyo. Tsiku lina kalipentala atapita kukagula matabwa, apongozi atagona masana monga mwa nthawi zonse, anatenga kasowo kopyapyala kochekera magitala n'kuyamba ndi mpini wa mopu.

Anacheka mipando ya patebulo, miyendo yonse, cha m'mwamba polumikizira, mwakuti munthu akakhala mowongoka inkapirira koma ikamenya cham'mbali inkagonja. Anacheka mtengo wa katani, shelefu ya kukhitchini, ngakhale ndodo ya malemu apongozi aamuna imene inkakhala kuseri kwa chitseko. Ankamata, kupala, kupaka vanishi, kusesa. Ntchito yake inali yaukhondo, akanaiona mphunzitsi wake akananyadira.

Ndipo zinathandiza. Mpini wa mopu unathyokera pamsana pake atangomumenya kamodzi. Kalipentala anatsala ndi kachidutswa m'manja, akupumira m'mwamba, n'kukaponya uko, n'kutuluka. Chinthu chikathyoka mtima wake unkakhuta, anali ofanana ndi mng'ono wake pamenepo. Mlamu anatola zidutswazo mwamsanga n'kukazitaya kutali, mwamunayo asanakhazikike mtima n'kuziyang'ana ndi diso la ntchito. Msana unatupa, koma m'mimba munali bwinobwino.

M'nyumba monse munatsala chinthu chimodzi chosacheka. Pansi pa bedi panali gitala ya kalipentala mwini, yofiira, yolemera, imene anaisema yekha ali mnyamata. Ndi imene ankamuimbira pomufunsira. Mlamu anaitulutsapo, sowo ili m'manja, koma anaibwezera. Ankadziwa kuti mwamuna wake akanamva kusintha kwa kaliridwe kake. Komanso ankakhulupirira, ndipo apa ndi pamene anapusa, kuti munthu sangamenye ndi chinthu chimene amachipukuta ndi malaya ake.

Mimba itayamba kuonekera, Chiphaliwali anabwera yekha kudzatenga magitala, zimene sankachita kawirikawiri. Anafika masana, mvula itangokata, galimoto lalitali lakuda n'kuima pageti dalaivala ali momwemo. Apongozi anachita ngati apenga. Anamupsompsona, anamununkhiza, anamudandaula kuti wawonda. Sofa inali itanyowa ndi madzi a padenga, ndiye anaifunditsa nsalu msangamsanga n'kukoka mpando wa patebulo.

"Khala apa, bambo wanga, pa mpando wa abambo ako."

"Amayi, aloleni akhale pa sitepe, pakuomba kamphepo," anatero Mlamu.

"Pa sitepe? Mwana wangayu? Inu muli bwinobwino?"

Chiphaliwali anaseka. "Alamu akufuna andithamangitse ndisanamwe n'komwe madzi." Anakhala. Sanali munthu woipa, anali munthu amene chiyambire sanafunsidwepo kuyang'ana pansi. Anayamba kusimba za ulendo wake, za holo yodzaza, za mtsikana amene anadzicheka dzanja polimbirana chidutswa cha gitala. Kalipentala anaima pakhomo la kukhitchini, utuchi uli m'tsitsi, akumvetsera nkhope ili gwa. Nkhani itakoma, woimbayo anachita zimene ankachita kuyambira ali mwana. Anatsamira kumbuyo n'kuyimika mpando pa miyendo yakumbuyo yokha.

Thyo! Chiphaliwali anapezeka pansi chagada, nsapato zili m'mwamba. Iye mwini ndi amene anayamba kuseka.

"Achimwene, mipando ya kalipentala imeneyi? Ndiye makasitomala amakhalira chiyani?"

Kalipentala sanaseke. Anawerama n'kutola mwendo wa mpandowo. Anauyang'ana pothyokapo, anakanda ndi chikhadabo, utuchi wouma n'kuyoyoka. Kenako anaununkhiza. Mlamu anayamba kubwerera m'mbuyo.

Mwamunayo sanakuwe ayi. Anakoka mpando wina, n'kuuponda pang'ono cham'mbali, thyo. Wina, thyo. Anakoka mtengo wa katani, nsalu n'kugwa, n'kuuthyolera pabondo ngati bango. Anatenga ndodo ya malemu bambo ake kuseri kwa chitseko, anaiyang'ana kanthawi, nayonso thyo. Zidutswa zonse ankaziika patebulo mwadongosolo, pothyoka pataloza kumwamba, paliponse pakuoneka mzere woongoka wa sowo.

"Wakuphunzitsa ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Inu," anayankha Mlamu.

"Ndiye nthawi yonseyi umandiseka. Ndikumenya iwe ukuseka. Wandisandutsa chidole ngati uyu." Analoza mng'ono wake osamuyang'ana.

"Kumenya?" anatero Chiphaliwali, akudzuka pansi. "Achimwene, mukuti chiyani? Amayi, akunena chiyani awa?"

"Palibe, bambo wanga, za m'banja izi," anatero apongozi. "Tiye panja ukaone magitala ako."

Kalipentala anali atalowa kale kuchipinda. Mlamu anamva chinthu chikukwekwereka pansi pa bedi, ndipo anadziwa. Anathamangira kukhomo la kukhitchini, koma nsalu ya katani ija inamukola mapazi, ndipo pamene ankadzuka mwamunayo anali ataima kale pakati pa iye ndi khomo, gitala yofiira ataigwira pakhosi ndi manja onse awiri.

"Iyi unacheka?"

Sanadikire yankho. Anaizunguza cham'munsi, kulunjika pamimba. Mlamu anatembenuka n'kupereka phewa. Kunamveka kuti phu, ndipo mkono wonse unafa pomwepo. Anagwera pafiriji, mabotolo m'kati akugubuduka, n'kutsetserekera pansi. Anapinda mawondo, anakumbatira mimba ndi mkono wotsalawo, n'kuyang'anitsa msana kwa mwamunayo. Yachiwiri inamupeza m'chiuno. Nsambo imodzi inaduka n'kumukwapula patsaya, magazi n'kulowa m'kamwa. Gitala inali yosagwedezeka, inangosupuka vanishi.

"Achimwene, mupha munthu!"

Chiphaliwali analumphira pakati. Akanakhala munthu wina akanagwira mkulu wakeyo m'chiuno, kapena akanatchinga ndi zidutswa za patebulo zija. Koma uyu anali ataphwanya magitala moyo wake wonse, ndipo iliyonse inkamwazika ikangokhudza chinthu. Dzanja lake linkadziwa zimenezo basi. Anangotambasula dzanja lamanzere, logwirira nsambo lija, zala zili tambalala, kuti gitala iphwanyikirepo.

Gitala inatenga dzanjalo n'kukalipanikiza pa feremu ya chitseko. Kulira kwa mafupa kunali kochepa, ngati munthu waponda makoko a mazira. Chiphaliwali anayang'ana zala zake, zitaloza kumene zala siziloza, fupa loyera likusuzumira pa chala chapakati. Anagwada pansi, kukamwa kuli yasa, ndipo mawu atatuluka sanali a woimba.

Kalipentala anasiya gitala igwe. Anakhala pansi atatsamira khoma, manja ali pamutu, akungoti, "Mng'ono wanga, mng'ono wanga." Za mkazi wake sanatchule.

Apongozi anadumpha miyendo ya Mlamu kuti akafike pa mwana wawo. Anavula mpango kumutu n'kukulunga dzanjalo, akulira mokuwa, mpango n'kufiira nthawi yomweyo. Kenako anatembenuka. Anayang'ana Mlamu, amene anali chigonere pansi pa firiji akulavula magazi, ndipo m'maso mwawo munali mkwiyo weniweni.

"Iwe! Mipando unacheka, mopu unacheka, ndi ndodo ya amuna anga yomwe. Ndinkakuona ine ndi kasowo kako, umayesa ndagona. Nanga iyi unaisiyiranji? Taona tsopano zimene wachita!"

Mlamu anaiwala kaye phewa. Nthawi yonseyi ankayenda monyang'ama kuti asawadzutse, ankasesa utuchi ndi manja kuti tsache lisasokose. Kani iwo ankaona. Ankadziwa chimene mipandoyo inkachekedwera, ndipo anaona kuti zili bwino, nyumba yapeza njira yake. Zinamuwawa kuposa gitala ija.

"Ndinkati iyi sangandimenyere," anayankha, osadziwa kuti akuyankhiranji.

"Dzuka ukaitane dalaivala," anatero apongozi, akupukuta misozi. "Ndipo umve bwino. Dzanjali lapanidwa ndi chitseko. Iwe unagwa pothamangira kukamuthandiza. Wamva?"

Mlamu anagwira chogwirira cha firiji n'kudzikoka mpaka kuima. Anadutsa pa gitala yofiira, anadutsa mwamuna wake, anatulukira m'shedi, mmene magitala ocheka anali ndandanda pakhoma kudikira kukaphwanyidwa. Mwendo umodzi unkakwekwereka. Panja anthu anali atayamba kale kusonkhana pageti, ena chifukwa cha galimoto lakuda lija, ena chifukwa cha kukuwa. Wa m'golosale analipo, mafoni ena anali atakwezedwa kale m'mwamba.

Dalaivala anatuluka m'galimoto atamuona. "Mayi, chachitika n'chiyani?"

"Chitseko!" anakuwa apongozi kumbuyo, atakoleka Chiphaliwali paphewa. "Chitseko chamupana!"

Mlamu anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Sanakweze mawu, koma pagetipo panali zii, ndiye aliyense anamva.

"Amuna anga amandimenya pamimba ndi gitala. Alamu angawa anatchinga ndi dzanja. Tiyeni kuchipatala, ndili ndi pakati."

Anatsekula yekha chitseko chakutsogolo n'kukhala, malo amene apongozi akanakhala. Kumbuyo woimba ankabuula, amayi ake akumunyengerera, kwinaku akumutukwana Mlamu chapansipansi kuti wapha banja. Iye sanatembenuke. Anaika dzanja lamoyolo pamimba n'kudikira. Anadutsa golosale, m'mimba muli zii. Anadutsa sukulu, muli zii, ndipo anayamba kulira mosatulutsa mawu, akupempha mwanayo kuti amukhululukire chifukwa cha gitala ija. Galimoto litaima pa maloboti, kachidendene kanamukankha pansi pa nthiti, kenako kanakankhanso mwamphamvu.

"Fulumirani, bambo, dzanja likutha ili!" anatero apongozi.

"Muziyendetsa bwinobwino m'mabampumu," anatero Mlamu. Dalaivala anamuyang'ana, n'kuchepetsa liwiro.