Mwezi Umene Nazulu Sanauwerenge

Nazulu anafika kuchidikiro cha chipatala cha mishoni atasenza nkhuni, ndowa ndi ufa wa masabata awiri. Anati masabata awiri akwana, popeza iye anabereka ana asanu ndi mmodzi ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuchedwetsa. Kumbuyo kwake kunali mwana wake Luwiza, akuyenda ngati bakha, dzanja lili m'chiuno.

Aka kanali kachitatu Luwiza kukhala ndi pakati m'zaka zisanu ndi ziwiri za banja lake. Mimba yoyamba inapita padera. Yachiwiri mwana anabadwira m'ngolo panjira, osalira. N'chifukwa chake ulendo uno anamwino a kusikelo anamuuza kuti abwere msanga, adzadikirire pafupi.

Masabata awiri anatha, ufa nawonso unatha. Amayi amene anafika pambuyo pawo ankachira, n'kumanga katundu, n'kutsanzika. Kumudzi mtedza unali utakhwima, wopanda woukumba. Nazulu mtima unayamba kumuwawa, ndipo mkwiyo wake ankaupititsa kwa ogulitsa matimati a pageti. Ankatenga mulu, n'kuutembenuza, n'kufunsa ngati matimatiwo anawatola kudzala. Ogulitsawo anafika pomuonjezera asanapemphe, kuti angochoka.

Ngakhale Mulungu, Nazulu ankalankhula naye motero. M'mawa uliwonse ankalowa m'katchalitchi ka pachipatalapo, n'kugwada kutsogolo, n'kuyamba kufotokoza kuti wasesa nyumba ya Mulungu zaka khumi ndi zisanu, pamaliro sajomba, ndipo iye sakupempha mapasa ayi, akupempha mwana mmodzi yekha wamoyo, makamaka sabata ino. Akatero ankadikira pang'ono kuti winayo atchule mtengo wake, kenako n'kutuluka akupukusa mutu.

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali chiwerengero cha miyezi. Mkamwini wake Elias ankayendetsa thiraki yodutsa m'malire kupita ku Chipata mpaka ku Lusaka, ndipo pakhomo ankaonekera mwa apo ndi apo. Nazulu ankakumbukira bwino kuti Elias anabwera mu Julaye, pa chiliza cha malemu bambo a Luwiza, n'kukhala sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo ankapinda zala, ndipo zala zonse khumi zinatha. Mwana wanji wokhala miyezi khumi m'mimba?

Anakafunsa namwino Tiwonge, mtsikana wa ku Rumphi wolankhula mofatsa. Tiwonge anatsegula kabuku ka sikelo ka Luwiza, n'kunena kuti kwatsala pafupifupi masabata atatu, mwana wagona bwino ndipo mtima wake ukugunda bwino. Nazulu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuuza kuti kabukuko sikadziwa mayendedwe a mkamwini wake, komanso kuti iyeyo ayambe wabereka kaye wake.

Kukhitchini ya magadiyani kunali mayi wina wa ku Mkanda amene ankasunga mwanamphepo m'kathumba, mankhwala aja amati amafulumizitsa matenda. Nazulu anamukokera kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo ananenerera mpaka mayiyo anatopa, n'kulola kusinthanitsa ndi mbale ya nyemba. M'mawa mwake anaphika phala la ufa wobwereka, n'kuthiramo mankhwalawo, n'kulivundula bwinobwino.

Anapeza Luwiza atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, miyendo yotupa atayitambasula, korona ili m'manja. Nazulu anagwada pambali pake, n'kumupatsa kapu ndi manja awiri, n'kumuuza kuti amwe pang'onopang'ono, mwana wanga, lisakuotche. Apa ndi pamene analakwitsa, chifukwa chibadwire Luwiza anali asanamvepo amayi ake akunyengerera munthu.

"Amayi, mwathiramo chiyani?"

"Shuga."

"Shuga anatha Lachiwiri."

Nazulu anakhala pansi n'kutambasula miyendo naye. Sanabise. Anati miyezi yakwana khumi, ndipo iye sangangokhala n'kumaonerera mwana akutopera m'mimba. Mulungu amupempha mokwanira, mwina watanganidwa ndi anthu a kwina.

"Manja awa akwirira ana ako awiri, Luwiza. Kachitatu sindipitako."

Luwiza anaika kapu pansi. Anayang'ana kumbali, n'kuyamba kukanda mkeka ndi chikhadabo, manyazi atamugwira. Kenako analankhula motsitsa kwambiri, moti Nazulu anachita kusendera.

"A Elias anabweranso kumapeto kwa Ogasiti."

"Anabwera liti ine osawaona?"

"Munali ku Guilleme, kumsonkhano wa amayi. Anagona masiku atatu. Tsiku limene munkabwera anakuonerani patali, pamlatho paja, ndiye analowa m'tchire kukupatsani njira. Thiraki inali ikuwadikira pa boma."

Nazulu anaukumbukira msonkhanowo. Mkamwiniyo ankamutama yekha m'mudzi kuti ndi waulemu, sayang'anana ndi apongozi ake maso ndi maso, akakumana panjira amapatuka. Lero ulemu womwewo unali utamubisira mwezi wathunthu. Anapindanso zala kuyambira Ogasiti, ndipo chala chimodzi chinatsala chili chiimire.

"Nanga iwe osandiuza bwanji, ine ndikuuma mutu masiku onsewa?"

"Ndikanayambira pati, amayi? Zoterezi amauza mayi ake munthu? Azakhali akanakhala pano ndikanawatuma."

Nazulu anafuna kukalipa koma chimene chinatuluka ndi phwete, ndipo Luwiza nayenso anaseka atagwira mimba. Ataleka kuseka, Luwiza anapukuta m'maso n'kunena zimene anali asananenepo. Anati mwana wachiwiri uja atapita, anakwiyira Mulungu chaka chathunthu, n'chifukwa chake anasiya kwaya, osati chifuwa chimene ankanamizira chija. Anati sakudziwa chifukwa chimene ana awiriwo anapitira, ndipo mwina sadzadziwa. Koma ulendo uno akamamva mwana akugunda, amangoti zikomo Ambuye chifukwa cha lero, za mawa mukudziwa ndinu.

"Ndadikira zaka zisanu ndi ziwiri, amayi. Masabata atatuwa mundilole ndidikire naye Mulungu wanga. Inu mungokhala pafupi."

Nazulu anatenga kapu ija n'kukakhuthulira kudzenje la zinyalala, n'kukwirira ndi phulusa kuti nkhuku zingadye. Kuchoka apo anapita kwa Tiwonge, ndipo popanda moni anamufunsa kuti mwanamphepo amatani munthu. Tiwonge anasiya zimene ankalemba. Anati mankhwalawo amatha kubweretsa matenda mwamphamvu njira isanatseguke, mwana n'kubanika, nthawi zina chiberekero n'kung'ambika, ndipo iye waonapo amayi otere ndi maso ake. Anafunsa ngati Luwiza wamwa. Nazulu anati ayi, n'kukhala pabenchi ya odwala.

Tsiku limenelo analowa m'katchalitchi masana. Anagwada kumbuyo kwenikweni, ndipo za kusesa sanazitchule. Anangoti, "Mwandigwira dzanja, ndaona," n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka.

Musaganize kuti Nazulu anasanduka munthu wofatsa. Ogulitsa matimati sanapume. Anatumiza uthenga kwa mng'ono wake kuti akumbe mtedza, ndi chenjezo loti mizere yake akuidziwa yonse. M'mawa uliwonse ankafunsabe Luwiza ngati msana wayamba, akamva kuti ayi n'kutsonya. Koma akatsonya ankatenga mafuta, n'kukhala pamkeka, n'kumasisita mapazi otupa aja mpaka Luwiza awodzere.

Matenda anayamba Lachinayi m'mawa, anthu akutunga madzi. Nazulu anamuperekeza mpaka pakhomo la chipinda chochirira, pamene anamwino anamubweza. Anakhala pakhonde atatsamira khoma, chitenje atachiluma, ndipo amayi anzake amene anamubweretsera chakudya anabwerera nacho. Dzuwa litafika paliwombo, m'katimo munamveka kulira kwa khanda, kolimba, kwaukali ngati kwa munthu amene amudzutsa asanafune. Nazulu sanalulute. Anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Patapita nthawi Tiwonge anatuluka n'kumuuza kuti ndi wamkazi, ndipo onse awiri ali bwino. Atalowa, Luwiza anali gone, thukuta lili kamukamu, akumwetulira. Nazulu analandira kamwanako, n'kukawerenga zala za m'manja ndi za kumapazi, kenako n'kukayandikitsa kukhutu kuti amve mpweya wake.

Tiwonge anatenga cholembera n'kufunsa dzina loti alembe m'kabuku.

"Dzina lanji, mchombo usanagwe?" anatero Nazulu, maso ali pa mdzukulu wake. "Anamwino, mukuthamangira kuti? Dikirani."