Bipi ya Bambo a Dorika

1.

178.

Nesi Phalula anayang'ana makina, anayang'ana munthu, n'kubwereranso ku makina. Munthuyo anali Layisoni Namagowa, wa zaka 52, woonda ngati bango, wonyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje kuyambira ndevu zisanamere.

Bambo, bipi yanu yakwera, anatero nesi. Sindisaina.

Ine sinditopa, anatero Layisoni.

Sindinafunse zimenezo. Mubwerenso Lachitatu.

2.

Nkhani yonseyi ndi ya pepala. Chaka chimenecho okonza mpikisano wothamanga m'phiri anaika lamulo loti aliyense wopitirira zaka 50 abwere ndi pepala la kuchipatala lonena kuti magazi ake akuyenda bwino. Popanda pepala, palibe nambala ya pachifuwa. Tsiku lomaliza kupereka mapepala linali Lachisanu, ndipo nesi ankaona othamanga kuyambira seveni mpaka eyiti koloko basi, mzere wa odwala usanakule.

Pakhoma kwa Layisoni panali manambala 19, iliyonse pa msomali wake. Msomali wa 20 anali atakhoma kale. Analonjeza mkazi wake Esinati kuti umenewo ndi womaliza, ndipo unangokhala pamenepo wopanda kanthu, kumuyang'ana akamadya.

3.

Zomwe zinamuchedwetsa Lachitatu m'mawa:

nsapato ya kumanzere, yomwe inakapezeka m'nkhokwe;
mbuzi, yomwe inadzimasula yokha ngati ili ndi zala;
kabuku ka kuchipatala, kamene kanalowa pansi pa mphasa;
tiyi.

Imwani kaye tiyi, bambo a Dorika, anatero Esinati. Munthu sapita kuchipatala ndi njala.

Tiyiyo anali wotentha moti akanasosola nkhuku. Lolemba zinalinso chimodzimodzi. Pomwe Layisoni ankatula kapu, nthawi inali itadutsa seveni, ndipo kuchipatala ndi makilomita naini.

4.

Ndiye anathamanga, nanga akanatani, anatsetsereka pa mlatho wa matabwa n'kudutsa m'munda wa tiyi momwe amayi othyola masamba anamukuwira kuti moni a Namagowa iye n'kungokweza dzanja, anapitirira anyamata awiri a kabaza omwe anachita manyazi n'kuyamba kupalasa ataimirira koma osamupeza, mtima ukugunda bwino lomwe ngati chigayo cha dizilo, anakwera chitunda cha ku tchalitchi osachiona n'komwe kuti ndi chitunda poti munthu wozolowera kusenza chikwama cha mzungu mpaka pamwamba pa phiri chitunda chotere amachiyesa khonde, anafika pa mpopi wa kuchipatala n'kusukusula, anapukuta ndi malaya, anakonza kolala, n'kulowa akuyenda mwaulemu ngati munthu wochokera kuseri kwa mpanda

5.

181.

Mwabwera bwanji? anafunsa nesi.

Wapansi.

Mwapumako?

Ine sinditopa.

Nesi Phalula anali ndi amayi makumi anayi panja, koma anamumvera chisoni bamboyu. Anatenga cholembera n'kujambula paipi pachikuto cha kabuku.

Uwu ndi mtsempha wa magazi, anatero nesi. M'kati mwake thupi limapanga kampweya kotchedwa naitiriki okusaidi. Kameneka kamafewetsa mtsempha kuti utseguke, magazi adutse momasuka. Mtsempha ukatseguka, bipi imatsika. Chepetsani mchere. Muzidya masamba ambiri, bonongwe, mpiru. Mukapeza bitiruti, ndiye bwino kwambiri, amathandiza thupi kupanga kampweyako.

Wochuluka bwanji?

Pang'ono tsiku lililonse. Lachisanu ndi lomaliza, bambo.

Layisoni anamva zonse kupatula mawu oti pang'ono.

6.

Lachinayi anabwera kuchokera kumsika wa pa Chitakale atasenza ndowa yodzaza ndi bitiruti.

Ndi mbatata yanji yofiira chonchi? anafunsa Esinati.

Ndi mankhwala, make Dorika. Amatsegula mapaipi.

Anadya wowiritsa. Anadya wosaphika. Wina anamusinja mu mtondo n'kusefa pa kansalu, n'kumwa makapu anayi atatsinzina, chifukwa kunena zoona chinthucho chimakoma ngati dothi la pambuyo pa mvula. Mano anafiira, mtondo unafiira, ngakhale galu yemwe ananyambita mbale anayenda tsiku lonse ngati wadya nkhuku ya eni.

7.

Lachisanu, dzuwa likutuluka. Layisoni anapita kuseri kukataya madzi.

Zofiira.

Anadikira. Anayesanso.

Zofiira.

Anabwerera akuyenda pang'onopang'ono, miyendo itatalikirana, ngati wasenza dengu la mazira. Anakhala pakhonde. Esinati anali atagwira kale ketulo, koma ataona mwamuna wake atakhala pansi popanda womuuza, anaitula.

Make Dorika, ndapita ine. Mapaipi aja atseguka mopitirira. Magazi akutuluka okha.

Mukuti chiyani?

Kampweya ka anesi kaja kachuluka. Manambala angawo mupatse Dorika. Chikwanje chabwino chija chili kwa aneba athu a Makwinja, mukachitenge, amakana zinthu amene aja.

Layisoni anachita mantha enieni, ndipo Esinati anachita oposa pamenepo. Tsiku limenelo nsapato zonse ziwiri zinali pakhomo. Mbuzi inali pachingwe. Za tiyi palibe anazitchula.

8.

Khalani pansi, anatero Esinati, akumenya kaliyala ya njinga.

Ndiyenda ndekha.

Khalani pansi, bambo a Dorika!

Anakhala. Esinati anakwinya chitenje n'kuyamba kupalasa. Amayi a m'munda wa tiyi anaimika ntchito kuti aone bwino. Anyamata a kabaza aja anawapitirira akuliza belu mosafunikira. Pa chitunda cha ku tchalitchi Esinati anatsika n'kukankha njinga, mwamuna ali pompo, atagwira chishalo ndi manja awiri ngati mkwatibwi. Aka kanali koyamba kuti Layisoni aone kuti m'mbali mwa msewu umenewu muli nyumba.

9.

Nesi Phalula anamvetsera nkhani ya magazi. Anayang'ana mano a Layisoni.

Mwadya bitiruti wochuluka bwanji?

Ndowa.

Nesi anatuluka panja. Anamveka akuseka kuseri kwa chitseko, kenaka anabwera nkhope ili bwinobwino ngati sanachite kanthu.

Si magazi, bambo. Ndi mtundu chabe wa bitiruti, mawa zitha. Bweretsani mkono.

Makina anafufuma, anafinya, anaphwa.

118.

Anayezanso mkono winawo. 116.

Lero mwabwera bwanji?

Pa kaliyala.

Nanga Lolemba ndi Lachitatu, wapansi uja, munkayenda?

Kuyenda ndikanafika nthawi yanji? Ndinkathamanga. Tiyi amachedwa kwathu.

Nesi anagwira mutu. Bambo inu! Munthu akamathamanga mtima umapopa mwamphamvu, bipi imakwera ndithu, ngakhale kampweya kaja katsegule mitsempha. Akakhala pansi mphindi khumi, imatsika. Ndimanena zimenezi m'mawa uliwonse panjapo. Inu mumalowa osapuma wefuwefu, ndikanadziwa bwanji?

Ine sinditopa, anatero Layisoni, koma motsitsa mawu.

Nesi anayang'ana Esinati. Esinati anali kalikiliki kuwerenga chithunzi cha pakhoma chophunzitsa kusamba m'manja.

10.

Chidindo.

Siginecha.

Layisoni anapinda pepala kanayi n'kulisunga m'chipewa. Pobwerera iye ndiye anapalasa, Esinati ali pa kaliyala.

11.

Ine ndine Esinati, ndipo mbuzi sidzimasula yokha.

Za mphindi khumizo ndinazimva kalekale, tsiku lomwe ndinapita ndi mdzukulu wanga ku sikelo. Anesi anati wobwera mothamanga kapena wopalasa njinga akhale kaye pansi, apo ayi makina anena zambiri. Ndinazisunga. Nsapato ndinaponya m'nkhokwe ndine. Kabuku ndinakankhira pansi pa mphasa ndine. Tiyi ndinkamubwezera pamoto kawiri.

Mundiweruze, koma inu simunaliko chaka chatha. Anafika pa chingwe chomalizira, anagwa pa mapazi angawa, maso atatembenuka, ndipo kwa kanthawi sanandidziwe. Anthu ankaomba m'manja. Ine ndinkaitana dzina lake lenileni, limene sindinalitchulepo pagulu chikwatirane. Sindinkafuna kudzalitchulanso.

Sabata yathunthu ndinalimbana ndi pepala limenelo, ndipo ndinali nditapambana. Kenaka munthu akuti ndikufa, ine n'kumunyamula ndekha, ndi miyendo yangayi, kukamukhazika phee pamaso pa anesi.

Tsiku la mpikisano ndinaima pa chingwe pomwe paja. Anadutsa anyamata, anadutsa atsikana, anadutsa mzungu wina wofiira ngati bitiruti yemweyo. Iye anafika wa nambala 63, ali chiimire, matope mpaka m'makutu. Anandiona, anandidziwa. Anavula nambala ya pachifuwa n'kundipatsa m'manja.

Make Dorika, anatero. Ndatopa.

Khalani pansi, ndinatero.

Anakhala.