Buku la Nyimbo la a Jonas

Galimoto itaima kumsewu, Petronela anadziwa kuti ndi ya achimwene ake asanaione n'komwe. Inali ndi kaliridwe kakekake, ngati munthu wa chifuwa. Iye anali akupukuta bambo ake kumaso ndi kansalu konyowa, ndipo dzanja lake linaima.

Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, malata a nyumba za ku Ndirande atayamba kale kuthetheka ndi dzuwa. Panali patatha miyezi inayi chigwereni bambo akewo, a Jonas, kubafa. Sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wa kumanja, n'kuwalanda mawu. Munthu amene anatsogolera nyimbo kutchalitchi cha Lutheran kwa zaka makumi atatu anatsala ndi liwu limodzi lokha: "Eya." Ukawafunsa ngati akufuna tiyi, eya. Ukawafunsa ngati tiyiyo wawaotcha, eya.

Mchimwene wakeyo, Everson, analowa osaodira. M'mbuyo mwake munali amuna awiri ovala masuti, a mpingo watsopano umene ankapemphera ku Machinjiri. Wamtaliyo ananyamula nsungwi ziwiri ndi chingwe.

"Wawakonzekeretsa?" anafunsa Everson.

"Ndinakuuzani pa foni, achimwene. Ababa sapita."

"Sindinabwere kudzapempha kwa iwe."

Nkhani yake inali yakuti mneneri wa mpingo wawo anali pamwamba pa phiri la Ndirande, kumapemphero a masiku atatu. Odwala ankakwera nawo atawamangirira pamipando. Kumeneko kunali kusala kudya, ndipo mapiritsi ankasiyidwa kunyumba, chifukwa kuwatenga kunali kukayikira Mulungu.

"Ababa ali ndi shuga," anatero Petronela. "Ali ndi BP. Mukufuna akakhale pathanthwe, dzuwa ili, osadya, osamwa mankhwala?"

"Mankhwalawo amwa miyezi inayi. Alankhula chiyani? Aponda kangati pansi?" Everson analoza mabotolo amene anali pawindo. "Iwe wawazolowera chonchi. Ine ndikawaona mtima umandiwawa. Sabata yatha mayi wina wa ku Chilomoni anataya ndodo pamaso panga, ndi maso angawa."

"Ndiye tsiku limene anagwa munali kuti?"

Anadziwa pomwepo kuti wabaya pachilonda. Tsikulo Everson anali paulendo ndi lole ya kuntchito, foni itazima, ndipo anamva patatha masiku awiri. Nkhope yake inauma. Anagwada pamaso pa mpando wa bambo ake n'kuwagwira bondo.

"Ababa, tipite kuphiri mukachire?"

"Eya," anatero a Jonas.

"Mwamva nokha," anatero Everson, akuyang'ana amuna aja.

Petronela anagwadanso mbali inayo. "Ababa, mukufuna kutsala kunyumba?"

"Eya."

"Usawasokoneze!" anakalipa Everson. "Abale, mangani."

Amuna aja anaigwira ntchito ngati anthu oizolowera. Analowetsa nsungwi pansi pa mpando, n'kuzikulunga ndi chingwe, ndipo wamfupiyo anamanga a Jonas chitenje m'chiuno kuti asagwe. Maso a mkuluyo ankangothamanga uku ndi uku. Dzanja lawo lamanzere, lamoyolo, linagwira tebulo mpaka kapu inagwa n'kusweka.

Petronela anakaima pakhomo, manja atatambasula kugwira mafelemu. Akanatha kukuwa, anthu a m'nyumba zoyandikana akanabwera, koma akanati chiyani? Mwana wamwamuna woyamba kubadwa akutenga bambo ake kukawapempherera. Ambiri akanamuuza iyeyo kuti achoke panjira.

"Choka, Petronela."

"Mudutse pamtembo wanga."

"Mlongo, musalimbane ndi ntchito ya Mulungu," anatero wamtali uja, mawu ake ofewa ngati akugulitsa sopo.

"Odi kuno."

Anali Che Yusuph, telala wa pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, tepi ili m'khosi, kofia ili pamutu. Iwo ndi a Jonas anakhala moyandikana kuyambira Petronela asanabadwe. Mmodzi ankapita kumzikiti Lachisanu, mnzake kutchalitchi Lamulungu, ndipo madzulo ankakumana pa bawo.

"Pepani ana anga, nkhani ya m'banja si yanga," anatero. "Koma khomali ndi lopyapyala. Ndamva mukukangana kuti mkuluyu akufuna chiyani. Bwanji osamufunsa m'njira imene amayankhira?"

"Salankhula, Che Yusuph," anatero Everson.

"Kulankhula salankhula. Koma kuimba amaimba. Masana, mwanayu akapita kumsika kukagulitsa kaunjika wake, ine ndikazimitsa makina ndimamumva. Mawu athunthu, osati kung'ung'udza. Nyimbo za kutchalitchi kwawo. Ine ndimayesa mukudziwa."

Petronela anatembenuka kuyang'ana bambo ake. Miyezi inayi akuwasambitsa, akuwadyetsa, ndipo sanamvepo. Anakumbukira kuti kangapo pobwera kumsika anapeza buku la nyimbo lili pansi, pafupi ndi mpando, iye n'kulitola kulibwezera pashelefu, akuganiza kuti lagwetsedwa ndi mphaka.

Anaopa kuchoka pakhomo. "Che Yusuph, imani pano," anatero, ndipo mkuluyo anaimadi pakhomopo, manja kumbuyo, ngati akungoona nyengo.

Bukulo linali la chikuto chakuda, msana wake womatidwa ndi selotepu kawiri konse, m'mphepete mwa masamba mutada ndi zala. Nyimbo zake zinaikidwa m'magawo, za m'mawa pazokha, za ubatizo pazokha, za Mgonero, za Khirisimasi, mpaka za maliro kumapeto. A Jonas ankakonda kunena kuti palibe tsiku limene lingamugwere munthu loti bukuli silinalikonzere mawu. Everson anachoka mumpingo wa bambo akewo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo atanena kuti nyimbo zimenezo ndi za kumanda, zopanda moto, zoimba anthu amene anagonja kale.

Petronela analiika pamwendo pa bambo ake. "Ababa, achimwene akufuna kukutengerani kuphiri masiku atatu. Tiuzeni."

Dzanja lamanzere lija linayamba kutsegula. Linkanjenjemera, masamba n'kumamatirana, ndipo a Jonas ankanyowetsa chala ndi malovu amene ankatsikiranso pachibwano. Anadutsa nyimbo za Khirisimasi. Anadutsa za Pasaka. Wamfupi uja anayang'ana wotchi.

"M'bale Everson, dzuwa likukwera. Tikachedwa tikapeza mzere wautali."

"Dikirani," anatero Everson, osatembenuka.

Chala chinaima. A Jonas anakoka mpweya, pakamwa pokhota paja panatseguka, ndipo m'nyumbamo munamveka mawu amene anali atasowa kuyambira mwezi wa Juni. Anali osasa, okoka, koma liwu lililonse linkamveka:

"Ndikagona m'matenda, Mbuye,
Inu muli pamphasa panga.
Kaya ndidzuka, kaya sindidzuka,
Dzina langa lili m'dzanja lanu."

Petronela anagwira pakamwa. Anakhala pansi, pafupi ndi zidutswa za kapu ija.

"Izi n'zoloweza," anatero Everson, koma mawu ake anali atatsika. "Akhala akuimba zimenezi moyo wawo wonse. Zikungotuluka zokha ngati wailesi."

"Wailesi sisankha tsamba, mwana wanga," anatero Che Yusuph ali pakhomo pomwepo.

Everson analanda bukulo. Petronela anaganiza kuti aliponya kunja, ndipo anadzuka kuti amugwire. Koma iye analitseka, n'kulizondotsa, n'kuliikanso pamwendo pa bambo ake.

"Ababa," anatero, akuwayang'ana m'maso. "Ndi ine Everson. Galimoto ili panja. Ngati mukufuna kuchira, ngati mukufuna ndikunyamuleni, m'bukumu muli nyimbo za chigonjetso, ndikuzidziwa. Tsegulani imodzi, tinyamuke. Palibe amene atiletse."

Zinatenga nthawi yaitali. Kutembenuza buku ndi dzanja limodzi si masewera. Linaterereka kufuna kugwa, ndipo Petronela anadziluma mlomo kuti asalithandize, podziwa kuti akangolikhudza achimwene ake anena kuti wawatsogolera. Panja pankamveka ana akumenya mpira wa mapepala, ndi kondakitala akuitanira minibasi ya ku Limbe. Masamba anayenda. Anafika pa nyimbo za kuuka kwa akufa, zija zimene a Jonas ankaziimba ataimirira ndi zala za kumapazi, ndipo chala chinachedwa pamenepo. Petronela anatseka maso. Ngati aima apa, anadziuza, ndiye kuti ndiwasiya apite, ndipo mwina sindidzawaonanso amoyo.

Anamva tsamba likutembenuka. Kenako lina.

Atatsegula maso, bukulo linali patsamba lomwe lija. A Jonas analimenya ndi chala katatu, mwamphamvu, monga ankamenyera tebulo kwaya ikalakwitsa. Anayamba ndime yachiwiri, imene inkanena za munthu wodikira m'nyumba mwake osachita mantha, pakati pa anthu ake.

Wamtali uja anatambasula dzanja. "Uwu ndi mzimu wa chipembedzo, m'bale. Ndi umene wawamanga. Buku ili liyenera kuchoka kaye."

Zala zake zisanafike pachikuto, Everson anamugwira pamkono. Anamugwira zolimba moti wotchi inatsikira kuchikhatho.

"Musakhudze."

"M'bale Everson, kumbukirani zimene munalonjeza pamaso pa mneneri."

"Ndati musakhudze. Bambo anga akulankhula."

A Jonas sanasiye kuimba. Atafika pamzere wachitatu mpweya unawathera. Anakankhira bukulo kwa mwana wawo, n'kuloza m'munsi mwa mzere, pamene panali kachizindikiro ka pensulo. Pamenepo ndi pamene besi inkalowera. Everson anaimba besi m'kwaya ya bambo ake kuyambira tsiku limene mawu ake anasintha mpaka tsiku limene anachoka.

Sanaimbe. Anangoyang'ana kachizindikiro kaja. Ndi Petronela amene anaitola nyimboyo pamene inagwera, ndi mawu olira, ndipo a Jonas atapuma anamutsatira mpaka ndime yomaliza. Inali nyimbo ya ndime zisanu, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inalonjeza kuti wodwalayo adzayenda mawa. Komabe atamaliza, maso a mkuluyo anali atasiya kuthamanga.

Everson anagwada n'kuyamba kumasula chitenje cha m'chiuno chija. Mfundo inali yolimba, ndipo anaimasula ndi mano.

"Tengani nsungwi zanu," anauza amuna aja. "Makiyi awa, mukandidikire m'galimoto."

Anatuluka osatsazika. Che Yusuph anawapatsa njira, kenako nawonso anabwerera kumakina awo mwakachetechete.

"Usaganize kuti wapambana," anatero Everson kwa mlongo wake, akupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Ine ndikukhulupirirabe kuti Mulungu angathe kuwadzutsa lero lomwe. Kuphiriko ndikupita. Ndikasala ndekha m'malo mwawo."

"Pitani, achimwene. Mutenge madzi."

Anapitadi. Petronela anasesa zidutswa za kapu, anawamwetsa bambo ake mapiritsi a m'mawa amene anali atachedwa ndi ola lathunthu, ndipo tsiku limenelo sanapite kumsika.

Everson anatsika phiri Lolemba, milomo itang'ambika, ndipo sananene chilichonse cha zimene anaona kumeneko. Lamulungu lotsatira anagogoda pakhomo nthawi ya seveni, atavala suti ya kumpingo kwake.

"Mapemphero amayambabe eyiti koloko?" anafunsa.

Njira ya kutchalitchi cha a Jonas inkadutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba, modumpha ngalande, moti galimoto kapena njinga ya olumala sizikanadutsa. Everson anavula jekete, n'kupatsa mlongo wake, n'kubereka bambo ake kumsana. Anawakhazika pabenchi lachitatu, pafupi ndi khoma kuti atsamire, pakati pa amayi awiri okalamba amene anayamba kulira atangowaona. Abusa anatchula nambala ya nyimbo yoyamba, masamba anachita phokoso tchalitchi chonse, ndipo anthu onse, ana ndi akulu omwe, anayambira pamodzi popanda wogwira maikolofoni.

Petronela atayang'ana kumbuyo, achimwene ake sanali pabenchi. Anawaona kunja, ataima pawindo, shati itanyowa ndi thukuta kumsana. Anaima pomwepo mpaka nyimboyo inatha. Kenako anakodola mlongo wawo kuti awapatsire jekete pawindo, ananong'ona kuti abweranso leveni koloko kudzawatenga ababa, n'kutsetsereka mothamanga kulowera kumsewu, chifukwa ku Machinjiri mapemphero anali atayamba kale.